Kodi mapilitsi a ndere angatetezedi chiwindi cha munthu amene mafuta achuluka m'magazi?

Pa mabotolo ambiri a spirulina ndi chlorella pamalembedwa malonjezo awiri moyandikana: kuti zimatsitsa mafuta m'magazi, ndiponso kuti zimateteza chiwindi. Wogula amawawerenga ngati lonjezo limodzi, koma ndi awiri, ndipo umboni wake sulemera mofanana. Loyambalo lili ndi pogwira, ngakhale pang'ono. Lachiwirilo mbali yake yaikulu idakali m'makola a makoswe a mu labotale. Kuti kusiyana kumeneku kumveke, tiyambe ndi chiwindicho, ndere zibwera pambuyo.

Chiwindi cha munthu wamkulu chimalemera pafupifupi makilogalamu 1.5, ndipo mwa ntchito zake zambirimbiri ndicho chimayang'anira kayendedwe ka mafuta m'thupi. Mafuta sasungunuka m'madzi, pomwe magazi mbali yake yaikulu ndi madzi. Choncho chiwindi chimakulunga mafutawo m'timipira ta mapuloteni totchedwa VLDL n'kutitumiza m'magazi. Timipirato tikamatula mafuta a mtundu wa triglycerides m'minofu, timafota n'kusanduka LDL, uja anthu amamutcha kolesitero woipa. LDL yemweyo amabwereranso ku chiwindi, chomwe chili ndi tizigwiriro pa maselo ake tomukoka kumuchotsa m'magazi. Michael Brown ndi Joseph Goldstein adalandira mphoto ya Nobel mu 1985 chifukwa cha ntchito yawo yofotokoza tizigwiriro timeneti.

Apa funso lija likusintha nkhope. Ambiri amaganiza kuti mafuta amayamba achuluka m'magazi, kenako n'kukaunjikana m'chiwindi chosalakwa. Kawirikawiri chiwindicho ndicho chikutulutsa mafutawo mopyola muyezo chifukwa nacho chadzaza. Mu 2005 ofufuza a ku University of Minnesota adalondola kumene mafuta a m'chiwindi cha odwala amachokera. Adapeza kuti pafupifupi 59 peresenti amachokera m'mafuta osungidwa m'thupi amene amatayikira m'magazi, 26 peresenti chiwindi chimapanga chokha makamaka kuchokera ku shuga, ndipo 15 peresenti yokha ndi imene imachokera mwachindunji m'mafuta a m'zakudya. Muzu wa zonsezi nthawi zambiri ndi thupi kusiya kumvera insulini. Insulini ikasiya kumveredwa, maselo osunga mafuta amangotulutsa mafutawo osaleka, pomwe chiwindi chikulandirabe uthenga woti chipange ena atsopano. Shuga wa mtundu wa fructose, wochuluka m'zakumwa zotsekemera, amawonjezera vutoli chifukwa mbali yake yaikulu imakathera m'chiwindi.

Madokotala amati chiwindi chili ndi mafuta pamene maselo ake oposa 5 peresenti adzaza ndi mafutawo. Anthu achikulire pafupifupi 30 peresenti padziko lonse ali ndi vutoli, ndipo ambiri sadziwa chifukwa silipweteka. Kwa ambiri zimathera pomwepo. Kwa ena mafutawo amayamba kuwononga maselo, chiwindi n'kutupa, ndipo potupapo pamatsala zipsera. Zipserazo zikachuluka chiwindi chimauma n'kulimba, matenda aja a cirrhosis, ndipo khansa imatha kutsatira. Jurgen Ludwig ndi anzake a ku Mayo Clinic ndiwo adapatsa dzina kutupa kotereku kwa anthu osamwa mowa mu 1980. Mu 2023 mabungwe a madokotala a chiwindi adagwirizana kutcha matendawa MASLD, ndipo akafika potupa, MASH. Chinthu chofunika kuchigwira pano n'chakuti chimene chimalosera tsogolo la wodwala kwambiri ndi kuchuluka kwa zipsera, komwe amakuyeza kuyambira F0 mpaka F4. Aliyense wonena kuti chinthu chake "chimateteza chiwindi" ayenera kusonyeza kuti zipsera zikuchepa kapena zaleka kuwonjezeka.

Ndere zimene zili m'mabotolowa si chinthu chimodzi

Spirulina, yomwe imagulidwa kwambiri, kunena zoona ndi bakiteriya wa gulu la cyanobacteria, ndipo asayansi akhala akumutcha Arthrospira. Imakula m'madzi ofunda amchere wa soda, ndipo ikaumitsidwa 60 mpaka 70 peresenti yake ndi mapuloteni. Anthu adayamba kale kuidya: Aaziteki ankaikolola pa nyanja ya Texcoco ku Mexico, ndipo Akanembu a m'mbali mwa nyanja ya Chad amaiumitsa mpaka lero n'kupanga chakudya chotchedwa dihé. Chlorella ndi ndere yeniyeni ya selo limodzi, yomwe Martinus Beijerinck wa ku Netherlands adaifotokoza mu 1890. Khungu la selo lake ndi lolimba moti matumbo a munthu saligaya bwino, n'chifukwa chake opanga amayamba aliswa. Palinso Schizochytrium ndi Nannochloropsis, zomwe amazilima pofuna mafuta ake a omega-3, DHA ndi EPA. Nsomba za m'nyanja zimene timazitama chifukwa cha mafuta amenewa zimawatenga ku tindere timeneti kudzera m'zimene zimadya. Pomaliza pali Haematococcus pluvialis, gwero la astaxanthin, utoto wofiira womwe umapatsa nsomba ya salmon mtundu wake.

Zinthu zinayi kapena zisanuzi zimagwira ntchito mosiyana, choncho zotsatira za kafukufuku wa chimodzi sizingasamutsidwire pa chinzake, ngakhale otsatsa malonda amachita zimenezo tsiku ndi tsiku.

Njira yomveka kwambiri imene spirulina ingatsitsire kolesitero imadutsa m'ndulu. Chiwindi chimapanga madzi a ndulu kuchokera ku kolesitero n'kuwatsanulira m'matumbo kuti athandize kugaya mafuta. Thupi silifuna kuwataya: pafupifupi 95 peresenti ya asidi a m'ndulu imayamwidwanso kumapeto kwa matumbo aang'ono n'kubwerera ku chiwindi. Tsono chinthu china chikagwira asidi amenewa m'matumbo n'kutuluka nawo m'chimbudzi, chiwindi chimakakamizika kupanga ena, ndipo kolesitero wopangirayo chimamutenga m'magazi pochulukitsa tizigwiriro tija. Mu 2005 gulu la Satoshi Nagaoka ku Japan lidasonyeza mwa makoswe kuti mapuloteni a spirulina, makamaka utoto wake wabuluu wotchedwa phycocyanin, amachepetsa kuyamwidwa kwa kolesitero ndi asidi a m'ndulu, ndipo zambiri zimatuluka m'chimbudzi. Njira imeneyi si yachilendo. Mankhwala akale a cholestyramine amagwira ntchito chimodzimodzi, kungoti mwamphamvu.

Njira yachiwiri ndi imene imatchulidwa pa nkhani yoteteza chiwindi. Maselo odzaza mafuta amatulutsa tizinthu towononga timene timayambitsa kutupa. Mbali ya phycocyanin imene imaipatsa mtundu, phycocyanobilin, imafanana kapangidwe ndi biliverdin ndi bilirubin, zomwe thupi lenilenilo limapanga ndipo zimatha kuzimitsa tizinthu towonongato. Astaxanthin nayo imachita zofanana mkati mwa khungu la maselo. M'mbale za mu labotale ndi mwa mbewa, zimenezi zimachepetsadi kutupa.

Mafuta a omega-3 ali ndi njira yawoyawo, yomwe ndi yodziwika bwino kuposa zonsezi. Amafooketsa puloteni yotchedwa SREBP-1c, yomwe imalamula chiwindi kupanga mafuta atsopano, ndipo amadzutsa ina yotchedwa PPAR-alpha, yomwe imalamula kuti mafuta awotchedwe. Chiwindi chimayamba kutumiza VLDL yochepa, ndipo triglycerides amatsika m'magazi.

Chifukwa chake makoswe amanamiza

Kafukufuku wambiri pa nkhaniyi amayenda motere: makoswe amapatsidwa chakudya cha mafuta ambiri, ena mwa iwo n'kuwonjezeredwa ndere, ndipo pakapita masabata angapo amawatumbula n'kuyerekeza ziwindi. Pafupifupi nthawi zonse ziwindi za odya ndere zimaoneka bwino. Zotsatirazo ndi zoona, koma pali zinthu zitatu zimene zimachepetsa tanthauzo lake kwa munthu.

Choyamba, nderezo nthawi zambiri zimayambidwa tsiku lomwelo limene chakudya choipacho chayambidwa, chiwindi chikadali chabwinobwino. Munthu amene akugula botolo amakhala kuti vuto lake lakhala likukula kwa zaka khumi kapena makumi awiri. Kutchinga chinthu chisanayambe ndi kuchibweza chitakhazikika ndi ntchito ziwiri. Chachiwiri ndi muyezo. Ofufuza ena amasakaniza ndere yokwana 5 peresenti ya chakudya chonse cha khoswe. Munthu amene chakudya chake cha tsiku chitati chiumitsidwe chingalemere magalamu 500 angafunike magalamu 25 a ufa wa ndere, pomwe mapilitsi ambiri amakhala a theka la galamu. Amenewo ndi mapilitsi 50 pa tsiku. Chachitatu, makoswe ndi mbewa amanyamula kolesitero wawo wambiri mu HDL, uja anthu amamutcha kolesitero wabwino, osati mu LDL, ndipo alibe puloteni yotchedwa CETP imene mwa anthu imasinthanitsa mafuta pakati pa timipira tija. Magazi awo amayendetsa mafuta mosiyana ndi athu.

Mwa anthu, umboni wokhudza mafuta a m'magazi ulipo. Mu 2016 Maria-Corina Serban ndi anzake adaphatikiza zotsatira za kafukufuku 7 wa spirulina ndipo adapeza kuti LDL ndi triglycerides zidatsika ndi pafupifupi 40 mg/dL chilichonse, HDL n'kukwera pang'ono. Nambala imeneyi ndi yaikulu, mwinanso yaikulu mokayikitsa. Kafukufuku amene adaphatikizidwayo adali wa anthu ochepa, wa miyezi yowerengeka, wa miyezo yosiyana kwambiri, ndipo odwala ake adali ndi matenda osiyanasiyana. Pa zamankhwala n'zodziwika kuti kafukufuku wamng'ono amakonda kukuza zotsatira, ndipo amene sadapeze kanthu nthawi zina sasindikizidwa n'komwe. Ine ndimaziwerenga motere: kutsika kulipo, koma ndi kwapang'ono kuposa mmene nambalayo ikunenera.

Tikafika pa chiwindi chenichenicho, umboni umapyapyala. Kafukufuku amene amatchulidwa kawirikawiri ndi wa mu 2014 pa chilumba cha Crete ku Greece, kumene odwala 15 adamwa magalamu 6 a spirulina tsiku lililonse kwa miyezi 6. ALT ndi AST wawo, mapuloteni amene amayezedwa m'magazi poona ngati chiwindi chavulala, adatsika, mafuta a m'magazi adatsikanso. Koma padalibe gulu loyerekezera, thupi la odwalawo lidatsikakonso, ndipo atawajambula ndi sikani ziwindi zawo sizidasinthe maonekedwe. Mfundo yomalizayi imasowa m'zolemba zotsatsa malonda. Ku Tabriz m'dziko la Iran adayesa chlorella, magalamu 1.2 pa tsiku kwa masabata 8, moyerekeza ndi mapilitsi opanda kanthu, ndipo magulu onse awiri ankamwanso vitamini E. Omwa chlorella adatsika thupi pang'ono ndipo zotsatira zina za magazi zidawongokera. Masabata 8 ndi ochepa kwambiri kuti zipsera zisinthe, ndipo sizidayezedwe.

Tiime pang'ono pa ALT, chifukwa lonjezo lonse loteteza chiwindi latsamira pa iyeyu. ALT ndi puloteni yokhala mkati mwa maselo a chiwindi, yomwe imatayikira m'magazi maselowo akavulala. Ikatsika ndi chizindikiro chabwino, palibe wokana. Koma imakwera ndi kutsika yokha mwezi ndi mwezi, imatsika munthu akachepetsa mowa kapena akatsika thupi makilogalamu awiri, ndipo pali anthu a zipsera zambiri, ngakhale a cirrhosis, amene ALT yawo ili bwinobwino. Komanso anthu amalowetsedwa m'kafukufuku ALT yawo itakwera, ndipo chinthu chimene chayezedwa chili pamwamba chimakonda kupezeka chitatsikako ulendo wotsatira ngakhale popanda mankhwala. Popanda gulu loyerekezera, kutsika koteroko kumaoneka ngati kuchira.

Phunziro lalikulu likuchokera ku omega-3, chifukwa ameneyu adayesedwa mokwanira. Kuti amatsitsa triglycerides n'zosakayikitsa: magalamu 4 pa tsiku a mtundu wolembedwa ndi dokotala amawatsitsa ndi 20 mpaka 30 peresenti. DHA wochokera ku ndere amachitanso chimodzimodzi. Kuunika kwa mu 2012 kwa kafukufuku 11 wa anthu 485 kudapeza kuti triglycerides adatsika ndi 0.20 mmol/L, koma LDL adakwera ndi 0.23 mmol/L, zomwe munthu amene vuto lake ndi kolesitero ayenera kuzidziwa asanagule. Nanga chiwindi? Mu 2014 Arun Sanyal ndi anzake adapatsa EPA odwala oposa 200 a chiwindi chotupa kwa chaka chathunthu, n'kuunika tizidutswa ta ziwindi zawo asanayambe ndi atamaliza. Triglycerides adatsika, koma kutupa ndi zipsera sizidasiyane ndi za omwa mapilitsi opanda kanthu. N'chifukwa chake malangizo a bungwe la madokotala a chiwindi ku America, AASLD, a mu 2018 adati omega-3 angagwiritsidwe ntchito potsitsa triglycerides mwa odwalawa, koma si mankhwala a chiwindicho. Spirulina ndi chlorella sizili pa mndandanda wa mankhwala a matendawa m'malangizo a bungweli kapena a anzawo a ku Ulaya, EASL.

Pamene choteteza chisanduka chovulaza

Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Spirulina yoyera si yoopsa kwa anthu ambiri, ndipo zovuta zake zimathera pa kutsegula m'mimba, mpweya kapena mseru. Vuto ndi achibale ake. Ma cyanobacteria ena, makamaka Microcystis, amapanga poizoni wotchedwa microcystin, ndipo chiwalo chimene poizoniyu amalunjika ndi chiwindi. Maselo a chiwindi ali ndi timakomo tolowetsera asidi a m'ndulu ndi zinthu zina, ndipo microcystin amalowera pomwepo n'kuimitsa mapuloteni amene amasunga selo kuti lisaphwasuke. Kuphika kapena kuumitsa sikumuwononga. Mu 1996 ku Caruaru m'dziko la Brazil, madzi okhala ndi poizoniyu adagwiritsidwa ntchito m'makina osefa magazi a odwala impso, ndipo anthu oposa 50 adamwalira ziwindi zitawonongeka. Mu 1998 bungwe la WHO lidaika malire a maikulogalamu 1 pa lita ya madzi akumwa.

Poizoniyu wapezekapo m'mabotolo a pa shelefu. Kafukufuku wa mu 2000 ku Oregon, m'dziko la America, adayeza zinthu zopangidwa ndi ndere yotchedwa Aphanizomenon flos-aquae, yomwe imakololedwa m'nyanja ya Upper Klamath. Mwa zoyesedwa 87, microcystin adapezeka mu 85, ndipo 63 zidapyola malire a maikulogalamu 1 pa galamu amene boma la Oregon lidaika. Spirulina yolimidwa m'maiwe otetezedwa siikhudzidwa kwambiri chonchi, popeza madzi ake a soda amalepheretsa achibale ambiri kukula, koma maiwe osasamalidwa bwino amalowetsa alendo. Ndere zimayamwanso zitsulo zoopsa monga mtovu, arsenic ndi cadmium ngati zili m'madzi. Luso lomwelo limene otsatsa amatamira chlorella, kuti "imakoka poizoni", ndi limene limaichititsa kufika m'botolo itanyamula kale zoipa za m'dziwe limene idakulira.

Chitetezo cha wogula ndi chochepa kuposa mmene ambiri amaganizira. Ku America, lamulo la mu 1994 limalola zinthu zotere kugulitsidwa popanda FDA, bungwe la boma loyang'anira zakudya ndi mankhwala, kuyamba latsimikizira kuti zimagwira ntchito, ndipo mayiko ambiri amaziona ngati chakudya osati mankhwala. Ku America komweko, pafupifupi 20 peresenti ya anthu olembedwa m'kaundula wa ovulala chiwindi ndi mankhwala adavulazidwa ndi zitsamba ndi mapilitsi owonjezera michere. Ambiri mwa iwo si a ndere ayi, koma nambalayo ikusonyeza kuti mawu akuti "zachilengedwe" chiwindi sichiwamva. Za spirulina yeniyeniyo pali malipoti ochepa a anthu amene chiwindi chidatupa atayamba kumwa n'kuchira atasiya, limodzi mwa iwo lidachokera ku Japan mu 2002.

Pali anthu ena oyenera kusamala ngakhale botolo litakhala loyera. Chlorella ili ndi vitamini K wambiri, yemwe amafooketsa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana. Obadwa ndi matenda a phenylketonuria sayenera kudya spirulina chifukwa cha phenylalanine wa m'mapuloteni ake. Amene chitetezo cha thupi lawo chimalimbana ndi thupi lomwelo, monga odwala lupus kapena dermatomyositis, komanso omwa mankhwala ofooketsa chitetezo atawaika chiwalo china, ali ndi chifukwa chopewera, popeza spirulina imadzutsa chitetezocho. Omega-3 wa muyezo waukulu amawonjezera pang'ono chiopsezo cha mtima kugunda mosalongosoka. 

Kuopsa kwina sikuli m'botolo, kuli m'zimene munthu amasiya chifukwa cha botolo. Odwala chiwindi chamafuta ambiri samwalira ndi chiwindi, amamwalira ndi matenda a mtima ndi sitiroko. Mankhwala a gulu la statin amatsitsa LDL ndi 30 mpaka 50 peresenti kapena kuposerapo, ndipo kafukufuku wa anthu oposa 100,000 adasonyeza kuti kutsika kwa 1 mmol/L kulikonse kumachepetsa ngozi zazikulu za mtima ndi mitsempha ndi pafupifupi 22 peresenti. Anthu ambiri amawaopa poganiza kuti awononga chiwindi chodwala kale, koma malangizo a madokotala a chiwindi amanena momveka kuti odwala MASLD angathe kumwa. Wosiya statin n'kuyamba spirulina wasinthanitsa chinthu chotsimikizika ndi chongoyembekezera. Chimodzimodzi amene triglycerides ake apyola 500 mg/dL, yomwe ndi 5.6 mmol/L: ameneyo ali pa chiopsezo choti kapamba atupe mwadzidzidzi, ndipo afunika mankhwala enieni msanga.

Pa chiwindicho, chimene chili ndi umboni wamphamvu ndi kutsika thupi. Kafukufuku wa mu 2015 ku Cuba adatsatira odwala 293 kwa chaka n'kuunika tizidutswa ta ziwindi zawo. Mwa amene adatsika ndi 10 peresenti ya kulemera kwawo kapena kuposerapo, kutupa kudatha mwa 90 peresenti, ndipo zipsera zidachepa mwa 45 peresenti. Chovuta ndi kufikapo, chifukwa ochepa okha ndiwo adakwanitsa kutsika chotero. Mu March 2024 FDA idavomereza resmetirom, mankhwala oyamba a MASH ya zipsera, atayesedwa pa anthu pafupifupi 1,000 ndi kuunika tizidutswa ta chiwindi. Umboni wa mtundu umenewo ndi umene mawu akuti "kuteteza chiwindi" amafuna.

Munthu wofunabe kuyesa ndere angachite mwanzeru. Ayambe wadziwa chimene chakweza ALT yake, chifukwa hepatitis B ndi C, mowa ndi mankhwala ena zimabisala kumbuyo kwa dzina la chiwindi chamafuta. Afunse dokotala za FIB-4, chiwerengero chosavuta chochokera pa zaka zake, AST, ALT ndi timaselo tothandiza magazi kuundana, chomwe chimasonyeza ngati pakufunika kuyeza kulimba kwa chiwindi ndi makina monga FibroScan. Asankhe mtundu wa ndere mogwirizana ndi vuto lake: mafuta a DHA ndi EPA ngati akwera ndi triglycerides, osati ngati wakwera ndi LDL. Agule chimene chili ndi satifiketi ya labotale yoima payokha yosonyeza kuti gulu limenelo la katundu lidayezedwa microcystin ndi zitsulo, ndipo apewe zokololedwa m'nyanja zachilengedwe. Auze dokotala kapena wa ku famase zonse zimene akumwa, asasiye mankhwala amene adalemberedwa, ndipo ayezetse magazi asanayambe komanso pakatha miyezi itatu. Manambala akapanda kusintha, palibe chifukwa chopitirizira. Maso akayamba chikasu, mkodzo ukadera, khungu likamayabwa kapena mseru ukakana kutha, asiye tsiku lomwelo n'kupita kuchipatala atanyamula botololo.